Tsiku limene anandilira ndili m'tulo

Chizindikiro choyamba chinali phuma. Nthawi yokolola soya kwathu ku Vubwi, ndinkati ndikanyamula thumba limodzi, ndinkapuma ngati ndalima munda wonse. Miyendo inatupa mpaka nsapato zinandikana. Kenako panatuluka chotupa m'munsi mwa mimba. Ndinakhala nacho miyezi, ndikuchiuza kuti chibwerere kwawo. Sichinamve.

Kuchipatala ku Katete ndinapita ndekha. Mkazi wanga anamwalira kale, ndipo abale onse anati mayendedwe avuta. M'wodi aliyense anali ndi womudikirira, womutungira madzi ndi kukangana naye. Ine ndinkacheza ndi botolo la diripi. Sindikunama, linkayankha.

Adokotala atandipima anati, "Abambo, opaleshoni ikufunika, koma mtima wanu ndi wotopa. Pokugonekani tigwiritsa ntchito mankhwala a mtundu wa mofini. Sachepetsa kwambiri mphamvu imene mtima umapopera magazi, koma amauchedwetsa kugunda, ndipo kupuma kumatsika. Tikhala tikukuyang'anirani."

Ndinafunsa ngati ndidzadzuka. Anati ndicho cholinga chawo.

Opaleshoni itatha, atandibweza m'wodi ndinali gone, thupi lili zii, bulangete mpaka m'khosi. Mayi wina wa ku Sinda, amene ankadikirira mwamuna wake pabedi loyandikana, anandigwira pamkono osamva kugunda kwa mtima. Poona kuti ndilibe wondilira, anandilira yekha, n'kuimbira foni mlamu wake wa ku Vubwi. Anesi anamuuza kuti mtima ukugunda, kungoti pang'onopang'ono, koma uthenga wa maliro unali utafika kale kwathu.

Tsiku lotsatira ndinaona abale atadzaza wodi. Anabwera pa lole, pamodzi ndi amayi a kwaya, amalume atagwira bango loyezera bokosi. Amalumewo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Aa, aphwanga, muli moyo?" Ndinapepesa. Lole inabwerera masana omwewo poti inali yobwereka. Mayi wa ku Sinda uja ndiye ankandigawira phala mpaka tsiku limene ananditulutsa.

Lero bala linapola. Ndimamwa mapiritsi a mtima m'mawa uliwonse, ndipo kokapimitsa ndimapitabe ndekha. Mukamva phuma, kapena miyendo ikayamba kutupa, pitani kuchipatala msanga, ndipo asanakugonekeni muwauze adokotala zonse za mtima wanu. Musadikire wokuperekezani. Ameneyo akudikira uthenga wina.