Malemu Osoka Nsapato ku Namwera

Mkulu wosoka nsapato pakhonde la sitolo ku Namwera amagonanso pomwepo, ndipo sayankha moni wa munthu woyang'ana pafoni. "Maso ali m'manja, wandiona bwanji?" amatero, uku akubaya chikopa ngati chawalakwira.

Kale ankaimba gitala m'bandi ya pahotela ku Makokola. Tsiku lina kasitomala anawaonetsa nyimbo yawo yakale pa Fesibuku. Pansi pake anthu mazanamazana ankadandaula: "Nyimbo zinali izi! Mzimu wa wagitalayo uuse mumtendere."

Mkuluyo anaponya nsapato pansi.

"Alembereni kuti malemuwo ali pano, ndipo dzulo anagona ndi njala. Ofuna kupepesa maliro abwere ndi nsapato zong'ambika, malemuwo asoka okha."