Nsambo Zopanda Mano

Ndikukumbukira chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Mabwato anangogona pamatope ong'aluka, ndipo ife ana tinkayenda wapansi pamalo amene kale ankatiopseza kuti tikamira. Mphepo inkabwera ndi fumbi loyera lamchere, lolowa m'maso ndi m'ndiwo momwe. Anthu akamakamba za chaka chimenecho amakamba za njala ndi milamba yofera m'zithaphwi. Ine ndimakamba za a malume anga a Bonifasi ndi tupa yawo, ndipo mpaka lero ndikawatchula mtima umandiwira.

Bambo anga anali mkamwini. Nyumba inali pamalo a amayi, munda unali wa amayi, ife ana tinali mbumba ya a malume, ndipo mawu a bambo sankapitirira pakhonde. Koma Lamulungu zinkasintha. Mpingo wathu unali ndi gitala ya bezi yamagetsi ya nsambo zinayi, yofiira, yogulidwa kwa anyamata ena oimba a ku Songani gulu lawo litapasuka, ndipo woiimba anali bambo. Ankanyamula batire ya galimoto pakaliyala, n'kuilumikiza ku kabokosi ka sipika, ndipo akangokhudza nsambo yaikulu ija mabenchi ankanjenjemera, azimayi n'kuyamba nthungululu. Malo okhawo padziko lapansi pamene a malume ankakhala pansi, bambo ataimirira kutsogolo, anali amenewo.

Vuto linali nsambo. Zinali zokhakhala, zokulungidwa ndi kawaya kozungulira, moti ukapititsapo chala unkamva timizere. Tsono zala za bambo zinali za msodzi, zong'aluka ndi maukonde ndi madzi amchere. Akamasuntha dzanja kuchoka m'mwamba kupita m'munsi, sipika inkalira kuti swii! swii! pakati pa nyimbo yachisoni, ana a Sande sukulu n'kumagwirana pakamwa. Gitalayo anaipatsa dzina loti Mbewa. Dzimbiri nalo linali litazidya nsambozo, ina inali itaduka, bambo n'kuimanga mfundo. Nthawi yomweyo Dikisoni, mwana wa a malume, anabwera kuchokera ku Limbe ndi kiyibodi yoti ukadina ndi chala chimodzi imadziimbira yokha bezi ndi ng'oma. Akuluampingo anagamula kuti pa chikondwerero cha makwaya chimene chinkabwera, Mbewa ikalira ngati mbewa, ikalowa m'kabati, Dikisoni atenge malo.

Bambo anatsitsa ukonde wawo padenga, poti unalibe nyanja yoponyamo, nakaugulitsa. Dalaivala wina wa lole ya nsomba anali atawauza kuti kunja kuno kuli nsambo zina zosalala, zimene sizilira chala chikamayendapo. Lachisanu m'mawa anandiuza kuti ndisambe miyendo, ndipake mafuta, ndiwaperekeze ku Zomba, chifukwa ndinali mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga za pamapaketi.

Tinakwera matola, fumbi likutiphimba mpaka nsidze. Sitolo imene tinalowa inali ya Mmwenye wina wokalamba, yogulitsa mawailesi, mabatire ndi mipira, ndipo inkanunkhira lubani. Anatulutsa mapaketi awiri. Ina inali yatsopano yonyezimira. Inayo inali yofwifwa ndi dzuwa la pawindo, ntchentche zitaisiyira madontho. Anati yatsopanoyo imalira mokuwa, ndiyo amakonda anyamata a m'mabala, koma yofwifwayo, ya nsambo zosalala, palibe amaifunsa, imalira pansipansi. Bambo anasolola nsambo imodzi mu paketi iliyonse. Anandionetsa kuti yosalalayo sanachite kuipala ayi, anaikulunga ndi kalamba kachitsulo kophwatalala, kogundana bwinobwino kosasiya mpata. Kenako anaika yokhakhala pakhutu panga n'kupititsapo chala. Swii. Anaika yosalala n'kupititsapo chala chomwecho, chong'aluka chija. Sindinamve kanthu, koma galimoto zodutsa panja.

“Felesiya, iwe ukuti titenge ziti?”

Aka kanali koyamba munthu wamkulu kundifunsa maganizo. Ndinaloza yofwifwa ija. Bambo anamwetulira mpaka ndinaona dzino lawo loguluka la kumbali, limene ankalibisa nthawi zonse. Anati kwaya sifuna bezi yokuwa, imafuna yoinyamula kunsi, ndipo njira yonse yobwerera paketiyo anaisunga m'malaya, pachifuwa.

Titafika dzuwa linali litapendeka. Bambo anamasula nsambo zakale zija n'kupatsa anyamata opanga mabanjo a zigubu, amene anazidula nthawi yomweyo n'kugawana. Zatsopanozo anati amanga mawa kukuwala bwino, akabwera ku sikimu ya mpunga ya Likangala, chifukwa m'mamawa inali nthawi yathu yolandira madzi, ndipo chaka chimenecho madzi sankadikira munthu.

Tsono ndikuuzeni za a malume. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, panjira ya ku Kachulu. Njinga ankaidziwa, sindingawanamizire. Tsoka lake ankaganiza kuti dziko lonse ndi njinga. Wina akadwala mutu ankati magirisi auma. Ndale ankazidziwa, mimba za azimayi ankazidziwa, mvula ankaidziwa tsiku lobwera, ngakhale chaka chimene sinabwere. Wailesi ya amayi anaikonzapo kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo tinkaitenga ngati mpando wa mwana. Munthu wotereyu ndiye mpingo unamusankha kukhala wosunga katundu, inu!

Loweruka m'mawa, bambo atapita, a malume analowa m'nyumba odi ali m'kati kale. Anamva kuti katundu wa mpingo wagulidwa iwo osamuona. Anatsegula paketi, n'kupititsa chala chawo chamafuta pa nsambo, nkhope n'kukwinyika.

“Achemwali, amuna anuwa awapusitsa. Izi ndi zakutha, za kaunjika. Taonani mmene zasalalira! Tayala likafika apa ife timasokera nsapato.”

“A malume, si zakutha,” ndinatero ine. “Zimapangidwa choncho. Ndinaliko.”

“Unaliko! Mwana wobadwa dzulo iwe. Chitsulo chimagwira ndi mano. Tayala mano, tcheni mano, giya mano. Nanga nyimbo igwira pati pa chinthu choterera chonchi?”

Amayi anayang'ana pansi n'kupitiriza kupeta mpunga. Kwathu mwinimbumba sankamubweza mawu, ngakhale akunena zopusa zoti ndi nkhuku yomwe ikanaseka. A malume anapinda nsambozo n'kutuluka nazo, ine ndikuwatsatira m'mbuyo ndi misozi. Pansi pa mango paja anazikhomerera pathabwa ndi misomali yopinda, n'kutenga tupa. Panali anyamata onyamula nsomba panjinga, amene nthawiyo analibe nsomba yonyamula koma kuvomereza zilizonse. “Zoonadi, akulu, ziikeni mano!” A malume anayamba kucheka timipata, kamodzi apa, kamodzi apa, lilime lili panja, akuyeza ndi chikhadabo kuti mano alingane. Mwaluso mwake, mukanati akukonza wotchi ya mfumu.

Ndinathamangira ku sikimu, minga ikundibaya, osaimva. Pamene timafika ndi bambo, matope ali m'mawondo, ntchito inali itatha. Zitatu zikuluzikulu zinali ndi mano kuchokera kumutu mpaka kumchira. Kachinayi kakang'ono a malume anali atakaponya m'bokosi la masipanala, ati tupa yake yaing'ono anabwereka munthu, adzakamaliza akabweza. Anapereka zitatuzo kwa bambo ndi manja awiri, akudikira kuyamikiridwa. Bambo anaziyang'ana nthawi yaitali.

“Zikomo, alamu.”

Zikomo ameneyo ndimamumva mpaka pano. Ku Zomba kunalibe paketi ina ya zosalala, zakale zinali zitasanduka mabanjo, ndipo chikondwerero chinali mawa lake. Bambo anakhala pakhonde n'kumanga zitatuzo pang'onopang'ono, akupotokola makiyi ngati akuopa kudzutsa mwana.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Kunabwera makwaya a midzi yonse yozungulira, mayunifolomu atasitidwa ndi makala, fungo la sopo ndi thukuta lili tho. Ine ndinali pamzere wakutsogolo wa kwaya yathu, bambo ali kumanja kwanga m'malaya awo oyera. Atakhudza nsambo yaikulu osasuntha dzanja, panatuluka mawu amene sindinawamvepo chibadwire: onenepa, ofatsa, olowa pamtima osagogoda. Mayi wina anayamba nthungululu tisanatsegule n'komwe pakamwa. Ndinawaona bambo akutseka maso. Mzere woyamba wa nyimbo tinaimba titanyamulidwa ndithu, mapazi osamva simenti.

Kenako nyimbo inafuna kuti dzanja litsike. Tupa ija inali itadula kalamba kokulunga kaja m'malo ambirimbiri, ndipo chala chitangoyenda, kalambako kanatukuka n'kuyamba kumasuka. Sipika inachita phwerrr, ngati lata lang'ambika ndi mphepo. Bambo anasamukira pa nsambo yachiwiri, nayo inayamba kusomboka, tizitsulo topotana tikulendewera. Ndinaona magazi. Pagitala yofiira sankaoneka, koma pamalaya oyera aliyense anawaona. Bambo anaimbabe, chala chikuchekeka, mpaka a soprano anasochera, a tenala n'kuwatsatira, anyamata a m'mawindo n'kuphulika kuseka. Dikisoni, amene anali atakhala kale pafupi ndi batire, anasolola waya wa bambo n'kulowetsa wake, nadina ndi chala chimodzi. Ndipo kuchokera pabenchi la akuluampingo panamveka mawu a a malume, okweza bwino kuti alendo amve:

“Ndinanena ine kuti ndi zakutha!”

Anthu ena pambuyo pake ankanong'ona kuti a malume anachita dala kuti mwana wawo apeze malo. Ayi ndithu, musawapatse nzeru zimene analibe. Chiwembu chimafuna mutu. Iwo anapita kunyumba tsiku limenelo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akanapanda kuika mano zinthu zikanaipa kuposa apo, ndipo anauza amayi kuti ulendo wina amuna awo asamapite okha kogula zinthu zovuta.

Gitala inaikidwa pamwamba pa kabati m'chipinda cha abusa, mavu n'kumangapo nyumba. Bambo anasamukira pabenchi lakumbuyo. Sanadandaule kwa munthu, koma ine ndikacheuka pakati pa nyimbo ndinkaona zala zawo zikuyenda pabondo, zikutsatira bezi imene panalibe woimva. Kiyibodi ya Dikisoni inkagunda chimodzimodzi pamaliro ndi paukwati, ndipo mpingo unkati tatukuka.

Mvula inabwerera, nyanja inadzaza, matemba anayambanso kuyanikidwa. A malume anagula njinga yamagiya ya kaunjika, ya mabuleki a waya, ndipo posakhalitsa waya wakutsogolo unaduka. Tsiku lina tikudutsa pa mango paja ine ndi bambo, tinamva akutiitana. Anali atatenga kansambo kakang'ono kaja m'bokosi la masipanala n'kukalowetsa m'malo mwa wayayo, kamutu kake ka kumapeto katakwanira bwino pachogwirira. Ankafinya buleki n'kusiya, kufinya n'kusiya, akuonetsa anyamata awo ovomereza aja.

“Alamu, kawaya kanu kaja! Sindinaonepo waya wa buleki wabwino chonchi. N'kosalala, sikakakamira pena paliponse.”

“Eya, alamu,” anatero bambo. “N'kosalala.”

Ndipo tinapitiriza ulendo wathu wa kuchigayo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Akamwini amamanga nyumba zawo za malata n'kumayankha alamu awo m'maso muli gwa. Ana amagula nsambo pafoni, atazionera kaye ndi kuzimvera pomwepo. A malume anamwalira osavomereza kanthu, ndipo pamaliro awo wolankhula wina anati mudzi wataya munthu wodziwa zinthu. Ine ndinatsokomola mpaka amayi anandiponda phazi.

Mwana wanga wamwamuna amaimba bezi kutchalitchi kwawo m'tauni. Pa Khirisimasi yapitayi anabwera nayo kumudzi, ataimanga nsambo zosalala chifukwa ndinamuuza nkhaniyi mpaka anatopa nayo. Anaiika pamiyendo pa agogo ake. Bambo tsopano akalamba, maso achita nkhungu, manja amanjenjemera akamamwa tiyi. Anapapasa khosi la gitalayo, napeza nsambo yaikulu, n'kuyendetsapo chala chimene chili ndi chipsera chija kuchokera m'mwamba mpaka m'munsi, khutu atalitchera ku sipika. Sipanamveke swii. Dzino loguluka lija linaoneka. Koma asanaimbe, anatembenukira kumene kunali ine.

“Felesiya, taima pakhomopo. Pangabwere wina ndi tupa.”