Matayala amene sanalowe m'kanjira kathu

Kanjira kolowera kunyumba kwathu ku Chinsapo sikanachite kulambulidwa ndi munthu. Kanangotsala pamene aneba awiri ankalimbirana malire, uyu kumanga mpanda wake wa njerwa, uyonso wake, mpaka pakati panatsala pongokwana ngolo. Galimoto ya amuna anga, pikapu yokoka ndi matayala onse anayi, inkalowa ndithu, koma ankayamba apinda magalasi am'mbali. Ndikamva injini ikubwera pang'onopang'ono pakati pa mipanda ija, ndinkadziwa kuti lero ndili pabanja.

Ndikuti lero chifukwa masiku otere anali atayamba kale kusowa. Amuna anga, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo wolemekezeka, anali ndi mkazi wina ku Area 25. Chinsapo yonse inkadziwa, ine ndinkadziwa, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa. Kundisiya poyera sakanatha, akanawadula kumpingo. Ndiye ankabwerabe mwa apo ndi apo, ndipo ine, chitsiru cha mkazi, ndinkathokoza.

Chaka china anati msewu wa kwawo wawatopetsa, m'dzinja galimoto imakhula mimba pansi. Anakaikweza, masipiring'i aatali, mashoko atsopano. Inabwerako itaima ngati dokowe, thupi m'mwamba, timatayala takale tija tikuoneka tonyozeka. Panafunika matayala aakulu.

Loweruka lina m'mawa anamasula chingwe changa choyanikira zovala.

"Amayi, tabwerani mugwire uku."

Tinapita pamene kanjira kanapanikizika kwambiri. Ine ndinatsamiza nsonga ya chingwe pa mpanda uwu, iwo anakoka mpaka pa mpanda uwo, n'kudula ndi mpeni. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati munthuyu akupima kuti galimoto izilowabe kwathu, ndiye kuti kwathu akukuwerengerabe. Atanena kuti ndikwere tipite limodzi ku Biwi kukagula matayala, ndinavala chitenje changa chatsopano. Zimandipsetsa mtima mpaka pano, chitenje chimene chija.

Ku Biwi wogulitsa anatulutsa malimu, zitsulo zimene tayala limavalapo zija, n'kuwandandalika pansi. Anati tayala lalikulu limafuna limu lotambalala, apo ayi limakhala ngati phazi lotupa mu nsapato ya mwana. Kenako anagadabuza limodzi, anagoneka chitsulo chowongoka pamwamba pake, n'kutsitsa rula mpaka pamene pali mabowo a mabawuti.

"Nkhani yagona apa, bwana. Limu likakhala lakuya kwambiri kumbuyoku, tayala limalowa m'kati, mukamakhota lizikhula sipiring'i. Likakhala losaya, tayala limatuluka kunja kwa madigadi, malata ophimba matayala aja, galimoto imatangadza. Kwa inu ndingasankhe lapakatili."

Anamanga apakatiwo kutsogolo. Matayala anakhala bwino pansi pa madigadi. Anapotoza chiwongolero uku ndi uku, osakhula paliponse. Amuna anga anatulutsa chingwe m'thumba, anachiyala pansi kutsogolo kwa galimoto, kuchokera tayala ili kufika ilo. Chinatsalako ngati chikhatho mbali iliyonse. Ine ndinali nditaimirira kale, ndati tatha.

"Tayesani osayawo," anatero amuna anga.

Anamanga. Matayala anatuzuka kunja, galimoto inatangadza ngati chule. Amuna anga anayalanso chingwe. Sichinafike.

Ndinaseka, poganiza kuti sanaone. "Abambo, chingwe chaperewera."

"Ndaona, amayi."

"Ndiye kwathu ilowa bwanji?"

Anakulunga chingwe chija bwinobwino pa zala, n'kutembenukira kwa wogulitsa. "Mangani onse anayi."

"Awa azimwaza matope galimoto yonse, bwana, komanso mabering'i sakhalitsa."

"Ndati mangani."

Wogulitsa anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Munthu wachilendo anandimvera chisoni, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa zonse.

Masana ananditsitsa kumsewu, pakamwa pa kanjira. Anaponya pansi matayala akale aja, malimu ake ali momwemo. "Musunge awa." Ndinawagubuduza ndekha limodzilimodzi kukafika kunyumba, nditavala chitenje chatsopano, aneba atatsamira mipanda yawo kuonerera.

Kuyambira pamenepo chifukwa chawo chinali choyera ngati malaya a pa Sabata. Galimoto siingalowe, kumsewu kwa Chinsapo siingagone chifukwa akuba angaisiye mafupa okhaokha, ndipo ku Area 25 kuli mnzawo wa geti lalikulu. Akuluakulu a mpingo anagwedeza mitu kuvomereza. Pakutha pa mwezi ankaima kumsewu, kuliza hutala, ine n'kuthamangira. Sankatsika. Ankatulutsa dzanja pawindo, ine n'kunyanyamphira kulandira paketi ya shuga, chifukwatu galimoto inali yaitali. Kenako hutala nayenso anasiya kulira.

Ndinalira, sindibisa. Ndinkadzuka ndikamva injini iliyonse yaikulu. Koma njala siidikira kuti munthu amalize kulira. Ndinatengera limu limodzi kwa wowotcherera, analiika miyendo, linasanduka mbaula yosatha. Enawo ndinagawira azimayi anzanga, nawonso akuphikira. Matayala ndinawadula pakati, ndinadzalamo anyezi ndi mpiru. Ndinayamba kukazinga mandasi pomwe paja anandisiya, pakamwa pa kanjira.

Panapita zaka. Masana ena a mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinaona galimoto ija ikukhota kuchokera kumsewu. Woyendetsa anali mayi wa ku Area 25. Anafuna kuilowetsa mwamakani, tayala linaguguda mpanda wa aneba, njerwa zinagwa. Anazimitsa. Kumbuyo kunatsika akuluakulu awiri a mpingo. Kumpando wakutsogolo kunali amuna anga, kamwa itapotoka, dzanja lamanzere lili lende. Sitiroko.

Mayi uja anandigwadira, mafuta onunkhira ali guu. "Amayi, abambo adwala. Ine ndayesetsa, ndalephera. Mkazi wa ukwati woyera ndinu."

Mapanga awiri avumbwitsadi. Ndinatembenuza mandasi.

"Tibwerekeni mpando tiwanyamulirepo mpaka kunyumba," anatero mkulu mmodzi, yemwe uja ankagwedeza mutu kwambiri.

"Galimoto ikalowa, nawonso alowa."

"Amayi, chifundo. Mukuona nokha kuti siingalowe."

"Ndinaona kalekale, abambo. Chingwe chake ndinagwira ndine."

Sanamve chimene ndikutanthauza, koma wodwalayo anamva. Mutu unali bwinobwino, koma lilime linali litafa. Anayesa kuyankhula, panangotuluka "Ama... ama..." ndi dovu.

Mayi uja anadzuka, anasasa mawondo. "Nanga matayala akale aja? Anandiuza kuti munasunga. Tiitane munthu amange, ilowe."

"Ndinasungadi," ndinatero. Ndinaloza ndi chipande pansi pa chiwaya, pamene makala ankayaka m'limu lija, mabowo a mabawuti ali psuu. "Limodzi ndi ili."

Amuna anga anayang'ana mbaula ija nthawi yaitali. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Ndinafufuza mumtima mwanga ngati muli chisoni, ndinapezamo kutopa kokha ndi kachimwemwe koipa.

Akuluakulu ataona kuti mavesi awathera, anakwera. Mayi uja analiza injini. Asanabwerere m'mbuyo ndinamuimitsa ndi dzanja. Ndinakulunga mandasi otentha m'pepala, ndinazungulira kuwindo kwa amuna anga, ndinanyanyamphira n'kuwapatsira. Mbali ya kuwindo inali ya dzanja lakufa lija. Ndinkadziwa. Mandasi anagubudukira m'fumbi, ndipo galimoto pobwerera m'mbuyo tayala lotuzuka lija linawaponda.