Kabala Kakang'ono ngati Njere ya Mpunga

Amene anayamba kundiuza za madokotala aja anali mnzanga wachisilamu, wogulitsa zitumbuwa pageti la chipatala cha mishoni. Anandipeza ndikutsuka mbale, ndipo asanakhale n'komwe pansi anati, "Achemwali, kwabwera madokotala a mafupa ochokera kunja. Akuwongola mapazi a ana. Sang'amba kwambiri ayi, amangoboola pang'ono. Pitani naye mtsikana wanu uja."

Zinali zaka zoyamba za matipate, sukulu itangokhala yaulere. Mwana wanga wachiwiri anali mu Sitandade 5. Anabadwa ndi mapazi ophwatalala, opanda kamphako kaja kapansi pa phazi. Akaponda pamchenga wonyowa phazi lonse linkadinda, mpaka anzake anamutcha bakha. Zachipongwezo ankapirira. Chimene chinkamuliza ndi ululu. Kuchoka kwathu ku Malengachanzi kukafika kusukulu unali mtunda, ndipo pobwerera ankakhala pansi kawiri katatu, akakolo atapendekera m'kati. Koma sukuluyo ankaifuna. Ankati adzakhala namwino.

Tsiku lopita kuchipatala bambo ake anamukweza panjinga, ine pambuyo wapansi. Dokotala, kudzera mwa womasulira, anati ayamba ndi phazi lamanzere. Aikamo kachitsulo konga msomali pansi pa kakolo kuti fupa lisamagwere m'kati. Lamanja adzaliona chaka chamawa, loyambalo likapola bwino. Tsiku la opaleshoni ndinagwada pakhonde mpaka anamutulutsa. Mulungu anandimva, mwana anadzuka.

Patatha masabata awiri anachotsa ulusi. Namwino anandigwira dzanja nati, "Mayi, pamwambapa pakuoneka ngati papola, koma m'katimu simunapole. Asalowe m'madzi, asaponde m'matope, mpaka titakuuzani ife." Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sanandiuze.

Kwathu kuno munthu akatuluka m'chipatala azimayi amabwera kudzamuzonda, ndipo sachoka asanaone bala. Kukula kwa matenda timakuona pa chipsera. Apongozi anga anamasula okha bandeji, nayang'anitsitsa, kenaka anaphulika kuseka.

"Opaleshoni yakeyo ndi imeneyi? Kabala ngati njere ya mpunga! Ine mbedza inanding'amba kuposa apa, tsiku lomwelo ndinakatunga madzi."

"Mukumusandutsa dona ameneyu," anatero mlamu wanga. "Muzimuphikira tiyi wa mkaka, ife tizikuwokerani mpunga."

Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo. Mwana anabisa phazi m'chitenje.

Mvula inali itagwa. Mbande zinali kukulira panazale, bambo ake ali ku Ngala kokawedza. Nthawi yowokera aliyense wa m'nyumba amalowa m'dambo, wotsala pakhomo ndi wakhanda ndi wodwala zenizeni. M'mawa wina ndikumanga chitenje, mwana anati, "Amayi, sipakupweteka. Ndizingokupatsirani mbande." Ndinayang'ana kabala kaja. Kanali kouma, kakang'onong'ono. Ndinakhulupirira maso anga, ndinasiya mawu a namwino. Ndinati, "Bwera, koma usapite pakuya."

Anaima m'matope masiku atatu. Tsiku lachinayi phazi linatupa mpaka khungu kunyezimira, thupi lonse kutentha. Apanso ndinalakwa. Ndinachita manyazi kukaonana ndi namwino uja, ndiye ndinatha masiku awiri ndikumuthowa ndi madzi ofunda amchere. Mafinya atayamba kutuluka m'pamene ndinabwereka njinga.

Madokotala akunja aja anali atapita. Dokotala wathu wakonkuno ndiye anang'amba phazi, nachotsa mafinya ndi kachitsulo komwe. Bala lachiwirili linali lalitali ngati chikhatho changa. Namwino uja sanandikalipire. Anangondifunsa chapansipansi, "Mayi, paja ndinakuuzani chiyani?" Ndikanakonda akanandikalipira.

Tinakhala m'chipatala nthawi yaitali, ndipo mnzanga wa zitumbuwa uja ankatibweretsera phala m'mawa uliwonse. Iye ankapemphera mwachisilamu, ine mwachikhristu, pabedi limodzi. Phazi sanadule, ndipo pa ichi ndimayamika Mulungu ndi anthu a pachipatala paja mpaka lero.

Chaka chotsatira madokotala anabweradi. Anagwiragwira kakolo wamanzere uja, napeza kuti wauma, sapindika. Lamanja anati saligwira, chifukwa ndilo lokha limene mwana akudalira. Mwanayo anayesa kupita kusukulu ndi ndodo miyezi ingapo, koma mtunda uja unamukulira. Anasiyira mu Sitandade 6.

Lero ndi mayi wa ana atatu. Amasoka zovala pakhonde pake ndi makina opukusa ndi dzanja. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Apongozi anga anatisiya kale, ndipo ndilibe nawo mangawa, pakuti amene anati "bwera" ndine. Nthawi yowokera ikafika ndimalowabe m'dambo lomwelo, koma ndikawerama ndimayamba ndapempha chikhululuko.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada musatiiwale. Mukumbukire mwana wangayu ndi ana ake, bambo ake amene maso ayamba kuwavuta, ndi ine mayi wake.