Chitseko chathu chinkaluma

Dzulo soketi ya kukhitchini inayamba kununkha pulasitiki wopserera, amuna anga n'kungoti, "Ingomatanipo tepi." Ndinapsa mtima, ndipo ndinakumbuka kwathu ku Tsangano.

Mawaya a m'nyumba mwathu bambo anga analumikiza okha, ati anaphunzira kumigodi ku Joni. Mvula ikagwa, chitseko chathu chachitsulo chinkaluma, dzanja n'kuchita dzanzi mpaka m'chigongono.

"Amayi, chandilumanso!"

"Nanga patapata wavuliranji?"

Wokalipiridwa ndinali ine, osati chitsekocho. Ndinkayesa kuti nyumba iliyonse ya magetsi imaluma, moti kwa eni ake ndinkakankha zitseko ndi phazi, anthu n'kumati ndine wamwano.

Lero ndaitana wamagetsi ndekha. Amuna anga akwiye, koma mwana wanga sadzavalira chitseko nsapato.