Tinaima Pageti pa Adada

Mukafuna nenani kuti ndikukokomeza, koma izi zinandichitikira ine ndemwe, ndipo chipsera cha pabondo pangapa ndicho mboni yanga.

Zaka zimenezo tinkakhala ku Area 4, bambo a kunyumba ali makaniko ku Old Town. Iwo ndi anzawo anali ndi matenda amodzi, otola zitsulo za magalimoto akufa n'kumawotcherera timagalimoto tampikisano. Yathu inalibe denga ngakhale zitseko, mpando unali wa basi, ndipo ikalira agalu a mzere wonse ankathawira kuseri. Thanki nayonso inalibe. Petulo ankakhala m'chigubu, paipi n'kuchoka m'menemo kupita ku injini, ndiye pankafunika munthu wofukata chigubucho pamiyendo, ndipo munthuyo ndinali ine. Amayi anzanga ankati ndapenga, ntchembere ya ana awiri kumakwera chigoba chotero, koma inu, mphepo ija ikamakuwomba kumaso, mavuto onse a pakhomo unkawaiwala.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkakathamangitsana ku Area 43, nyumba zikadali apo ndi apo, msewu wopanda ndi njinga yomwe. Tinkayambira kumtunda n'kukathera kuseri kwa khona, pageti pa bambo wina wa kumpoto wogwira ntchito m'boma ku City Centre, amene tonse tinkangowatchula kuti Adada. Iwo sipanala sankaidziwa n'komwe, koma mpikisanowu ankaukonda ngati mwana. Ankatidikira pagetipo ndi mpango woyera wokupizira wopambana, kenako n'kutimwetsa tiyi pakhonde uku akutiseka kuti magalimoto athu amayendera mapemphero. Ine ankanditcha thanki ya galimoto, ndipo ndinkavomera ndi mtima wonse.

Lamulungu lina tinanyamuka bwino, anzathu titawasiya m'fumbi. Titangokhota pakhona paja, ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Maliro! Kutsogolo kwake kunali khwimbi la anthu, amayi atakhala pansi mumsewu momwemo poti pabwalo panali patadzaza, akuimba nyimbo. Bambo a kunyumba, amene ankayendetsa, anachotsa phazi pamoto, koma chingwe cha moto chinakakamira, injini ikungokuwa. Anaponda buleki, phazi linangolowa mpaka pansi. Masamba aja tinawaponda ngati anthu osaleredwa. Bambo anakuwa kuti ndizule paipi, ndinazuladi, petulo n'kundinyowetsa chitenje chonse, koma injini inali ikumwabe wotsalira m'kati, ndiponso kunali kotsetsereka. Anthu anayamba kubalalika, koma mayi wina wobereka mwana ankalephera kudzuka, amangotiyang'ana. Mwana wa eni, pamaliro a eni, tikanamugunda ndikanawayang'ana bwanji anthu? Ndinatsinzina.

Kenako zii. Injini inazima ndipo galimoto inagwidwa mwamphamvu ngati wina waikoka kumbuyo, moti bondo langa linamenya chitsulo. Nditatsegula maso, mayi uja anali pafupi poti akanatha kugwira tayala ndi dzanja, mwana ali mtulo. Tinali titaima pageti penipeni pa Adada, pomwe tinkathera masiku onse. Mkulu wina anabwera, ife tikudikira kukalipiridwa, koma anangotiuza motsitsa mawu kuti mwini nyumba, Adada, anatisiya dzulo lake mwadzidzidzi. Mafoni a m'manja anali asanafale, uthenga sunatipeze. Ndinakhala pakati pa amayiwo ndikununkha petulo, ndipo ndinalira kuposa abale.

M'mawa mwake bambo anaiphwasula galimoto ija n'kupeza paipi ya mabuleki itaduka, mafuta ake atatayika onse. Ndinawafunsa kuti nanga chinatiimitsa n'chiyani. Munthu amene sasowa yankho pa nkhani ya injini anangopukusa mutu, ndipo mpaka lero ndikawakumbutsa amasintha nkhani. Galimotoyo sinayendenso, ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira. Ndikaiona ndimasowa masiku a Lamulungu aja, fumbi lija ndi tiyi wa pakhonde.

Ena amati miyala inalowa kumatayala, anene zawo. Ine ndimakhulupirira kuti Adada anaima pageti pawo komaliza n'kutikupizira mpango, kuti tisawadetsere maliro ndi magazi a mwana. Choncho achinyamata amene mukuwotcherera zanu masiku ano, sindikukuletsani, kukoma kwake ndimakudziwa. Koma musanaponde moto, wina ayambe wauyenda msewuwo wapansi mpaka kumapeto, aone ngati palibe masamba. Si aliyense ali ndi Adada omudikira pageti.