Mawu a Malemu mu Kompyuta

Mwana wanga wamwamuna atamaliza univesidade ku Maputo sanabwerere kunyumba. Anayamba sukulu ina pamwamba pake, imene amaitcha mesitiradu. Ine sukulu ndinalekeza nditangodziwa kulemba dzina, choncho anzanga pamsika akandifunsa zimene mwana amaphunzira, ndinkati amaphunzira mabodza. Sindinkanama. Mwini wake anandifotokozera kuti amasonkhanitsa nkhani zochokera uku ndi uko, n'kuziika pamodzi kuti aone yoona ndi imene munthu waitchera dala kuti asocheretse ena. Anatinso masiku ano makina amatengera mawu a munthu, wakuba n'kuimba foni ngati shefi wa pantchito, ndipo iye akuphunzitsa makina ena kugwira mawu onamizirawo. Chiyambire sukulu imeneyo sanenanso kuti inde. Ukamufunsa ngati wadya, amati, "Zikuoneka choncho."

Makina ogwira bodzawo amati amamva Chipwitikizi, koma Chinyanja chimawavuta, ndiye ankafuna mawu a anthu akwathu. Atabwera kutchuthi kuno ku Chimadzi, bambo ake, amene ankagulitsa mbatata ya kachewere yochokera kwathu ku Angónia, anavomera asanamalize kufunsidwa. Anavala malaya opita nawo kutchalitchi ngakhale anauzidwa kuti sajambulidwa nkhope. Anakhala pakhonde n'kumawerenga ziganizo mokweza ngati akuitana ogula. Pa mawu amenewo mwana anapanganso ena onamizira, oti makina ake aziphunzirapo kusiyanitsa. Ine ndinakana. Ndinali ndi zochapa.

Bambo akewo anamwalira nyengo yotentha. Sanadwale nthawi yaitali, ndipo kuchipatala sanalankhule chilichonse. Tinawaika konkuno ku Tete. Abale ochokera kumudzi anatsalira kudikira tsiku logawa zovala za malemu, wowatsogolera ali alamu anga, mkulu wawo wa amuna anga.

Tsiku lina masana azimayi tinali chigonere pamikeka pabalaza, kutentha kutatilanda ngakhale mphamvu yolira. Mwana anali atadzitsekera kuchipinda ndi kompyuta yake, poti aphunzitsi ake ankadikira ntchito. Anaiwala kulumikiza zomvera m'makutu. Tinangomva kuseri kwa khoma amuna anga akunena bwinobwino kuti, "Mvula ikagwa mawa, sitipita kumunda."

Mlongo wawo wa malemu, amene chichitikire maliro ankayenda mochita kugwiriziridwa, ndiye anayamba kufika pamsewu pothawa. Ena anatsatira, wina atanyamula nsapato za mnzake. Ine ndinatsala pomwepo. Sikunali kulimba mtima. Ndinkangofuna kumva ngati apitiriza.

Anthu atabwerera, alamu anaitana mwanayo pamthunzi, tonse tikumva.

"Iwe, bambo ako tinawakwirira tonse tikuona. M'chipindamo akutani?"

"Si iwowo, bambo aakulu. Ndi makina."

"Makina akudziwa bwanji za kumunda?"

"Mawuwo ndinalemba ndine. Makina amangotchula."

"Ohoo. Ndiye ukuwalankhulitsa bambo ako zimene ukufuna iwe. Ali moyo unkatha?"

Alamu anati munthu amene akulankhulabe m'nyumba ndiye kuti sanagone. Malaya tigawana, njinga tigawana, koma mawu sagawika, ayenera kuchoka. Mwana anayankha mwaulemu kuti akawachotsa ntchito yake iperewera, chifukwa mawu a Chinyanja ali nawo ochepa. Alamu anatembenukira kwa ine.

"Mlamu, mwamuna ndi wanu, mwananso ndi wanu. Gamulani ndinu."

Ndinati ndiyambe ndawamva ndekha. Tinalowa kuchipinda awiri, ndinakhala pabedi. Mwana anati mawuwo alipo mitundu iwiri, enieni aja a pakhonde ndi opangidwa. Ndinamuuza kuti andiikire onse, ndimuuza ndekha a mwamuna wanga. Anaika oyamba, kenako achiwiri. Ndinatseka maso, ndinamvetsera mpaka kupuma kwake, ndipo ndinasankha achiwiri. Anali a makina. Tinabwereza ndi chiganizo china. Ndinasankhanso makina.

"Musadandaule, amayi," anatero. "Anthu ambiri amalakwitsa. N'chifukwa chake ndikuphunzira zimenezi."

Sizinanditonthoze. Anthu ambiriwo sanagone ndi mwamuna wanga mphasa imodzi mpaka ana kumera ndevu.

Anandiuzanso kuti mawu opangidwawo atha kunena chilichonse. Ndinati ndiye afunse kumene bambo ake anaika kiyi wa bokosi la pamsika, chifukwa tinali titafuna nyumba yonse.

"Sangadziwe, amayi. Amanena zokhazo zimene ndalemba."

"Nanga ntchito yake ndi chiyani?"

"Kunamiza anthu basi."

Anaika zala pa kompyuta. Kenako anandifunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Kuchipatala kuja sanakutsanzikeni. Mukafuna, nditha kulemba."

Ndinkafuna. Ndinali ndi mawu ake kale m'mutu, amene ndinakhala ndikuwayembekeza pampando wa kuchipatala uja. Koma ndinali nditangolephera kawiri, ndipo ndinadzidziwa. Ndikanamva lero ndikudziwa kuti ndi makina, mawa ndikanayamba kukayika, ndipo pofika chaka chamawa ndikanakhala ndikuuza adzukulu kuti agogo awo anatsanzika bwino, anati chakuti ndi chakuti. Mwamuna wanga anapita osanena kanthu. Zimenezo n'zowawa, koma ndi zimene anachita.

Ndinamuuza kuti opangidwawo afufute. Enieni aja awaike mufoni yanga, ndipo mu kompyutamo achokemonso, kuti tsiku lina akadzawasowa bambo ake asadzapange ena.

Alamu anafuna kuona ndi maso. Mwana anatulutsa kompyuta panja, anaiika pampando, abale atazungulira chapatali ndithu. Anadina kamodzi, kompyuta inafunsa ngati watsimikiza, anadinanso.

"Basi?" anafunsa alamu.

"Basi."

Alamu sanakhutire. Ntchito yoperekeza munthu siimatha choncho, popanda khasu kapena nyimbo. Anavula chipewa, anagwada pang'ono moyang'ana mpandowo n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, zako zatha kuno. Pita ukapume, ana tiwaona." Azimayi anati ameni. Mawa lake tinagawa zovala, ndipo za foni yanga palibe anafunsa. Bokosi lija tinathyola loko.

Abale atakwera minibasi imene kuno timati chapa kubwerera kumudzi, ndinaona mwana akungoyendayenda pabwalo. Ndinamufunsa ngati ntchito ija yaonongeka. Anati zikuoneka kuti yaperewera munthu mmodzi. Ndinasamba m'manja, ndinakhala pakhonde n'kumuuza kuti atenge mawu anga. Poti kuwerenga kumandichedwetsa, iye ankatchula chiganizo, ine n'kubwereza. Zinali za mvula, za mitengo ya tomato, za munthu amene wasowa mbuzi. Anandipempha kuti ndisamalankhule ngati ndili pamaso pa ansembe, ndizingolankhula mmene ndimamukalipirira.

Tsopano ku Maputo kuli mayi wina wa mawu anga amene sindinamumvepo, ndipo sindikufuna kumumva. Mwana akuti makina ake amamugwira nthawi zambiri, koma osati nthawi zonse. Pamene ankapita kukakwera basi yobwerera kusukulu, ndinamuuza kuti tsiku langa likadzafika, adzayambe wafufuta mayi ameneyo asanaimbire foni abale. Anandiyang'ana n'kunena kuti inde.